Yowombolera

Dzina lakuti Chifukwanji anamupatsa ndi bambo ake, asanayambe n'komwe sukulu. Kamwanako sikankalola chinthu kudutsa osachikola ndi funso. Ukakauza kuti kasiye mpeni, chifukwa ninji? Ukati mvula ikubwera, chifukwa ninji? Bambo akewo, omwe anali dalaivala pa kampani ina yonyamula katundu, ankangoseka n'kumati uyu yekha sadzamatidwa phula m'maso. Dzinalo linamukakamira mpaka ku yunivesite, ndipo atayamba ntchito ya kafukufuku komweko, anzake ambiri sankadziwa kuti ali ndi dzina lina.

Ofesi yake inali kumapeto kwa khonde, moyandikana ndi chipinda cha jenereta. Munali madesiki atatu, makatoni a mapepala a mayeso akalekale amene palibe ankalimba mtima kuwataya, ndi fani yomwe inkatembenuza khosi mbali imodzi yokha, mbali ya a Komatu. A Komatuwo anali katswiri wa ziwerengero, bambo wowonda wa magalasi ochindikala, ndipo dzinalo analipata chifukwa chilichonse chotuluka m'kamwa mwawo chinkayamba ndi liwu lomwelo. Ukati kwacha bwino lero, komatu masana sanafike. Munthu wotopetsa kwabasi, koma mutu unalimo.

Ntchito ya Chifukwanji inali ya kontrakiti yotha pakutha pa chaka. Lamulo lake linali lachidule: tulutsa pepala la kafukufuku loti akatswiri akunja aligwedezere mutu, kontrakiti ipitirira, ukalephera, tenga kapu yako ya tiyi uzipita. Ndipo si iye yekha amene ankadya pa ntchitoyo, poti nyumba imene amayi ake ankakhala inkalipiridwa kuchokera m'malipiro omwewo.

Pepalalo anali nalo kale, ndipo linali lokoma. Linkanena za thumba la ndalama losonkherana. Mwina ena simuzidziwa zimenezi, ndiye tamverani. Anthu ambiri amasonkha ndalama zawo pamodzi, kampani n'kuzitenga kukagula masheya m'makampani osiyanasiyana, ndipo aliyense wosonkha amakhala ndi magawo ake m'thumbamo. Msika ukakwera, magawo ako amanenepa, ukatsika, amawonda. Tsiku limene wafuna ndalama zako umabweza magawowo, kampani n'kukupatsa mtengo wa tsikulo, zonsezi pafoni, osapita n'ku ofesi komwe. Kampani ina ya thumba lotere ndi imene inkathandiza kafukufukuyu, ndipo inapereka mbiri ya anthu ake onse, mayina atafufutidwa, patangotsala manambala.

M'mbiri imeneyi munali chaka chimene msika unagwa chagada. Anthu anathawa ngati anapiye aona kabawi. Aphunzitsi, madokotala, ma akauntanti enieni odziwa masamu, onse anachotsa ndalama zawo mitengo ili pansi penipeni, ndipo msika utadzukanso anatsala akudziluma zala. Koma panali gulu lina limene silinasunthe. Chifukwanji atalisanthula anapeza kuti ambiri mwa iwo anali amayi achikulire, ndipo ochuluka anali amasiye amene anatsalira magawo a amuna awo. Chodabwitsa china n'chakuti m'chaka choopsacho amayiwa ankayang'ana pafoni kawirikawiri kuposa nthawi ina iliyonse, kuona nambala ikutsika, koma osachotsa olo kakobiri. Lero magawo awo anali atanenepa kuposa a anthu ophunzira onse aja.

A Pulofesa, omwe ankayang'anira ntchito yake, anavina ndi mapewa atangoona zimenezi. Anali munthu wokonda mutu wa nkhani kuposa nkhaniyo, ndipo pomwepo analitcha pepalalo kuti Kuona Maso a Nkhono. Akuluakulu a kampani nawo anasangalala, mpaka anayamba kukamba zoika chithunzi cha mayi wa duku pa zikwangwani za m'misewu. Chifukwanji ankapita uku ndi uku kukamba za kudekha kwa amayi, ndipo nkhani yake ankaitsiriza mofanana nthawi zonse. Ankatsitsa mawu n'kunena kuti ngakhale amayi ake omubereka, telala wosapita patali ndi sukulu, ali m'gulu limeneli. Kuti magawo amene bambo ake anasiya sanawakhudzepo chimwalirire mwiniwake. Anthu ankawomba m'manja, ena mpaka kupukuta m'maso. Chifukwanji ankawanyadira amayi akewo, ndipo kunyadako kunali kochokera pansi pa mtima.

Amene anathira mchenga m'zonsezi ndi a Komatu. Masana ena, akutafuna bisiketi, anafunsa osatembenuka n'komwe.

"Komatu, Chifukwanji, mwatsimikiza kuti chikuwadekhetsa ndi ukazi wawo? Kapena pali china chimene amayiwa amafanana?"

Zinamupweteka, kunena zoona. Koma funso kwa iye linali ngati kamwala m'nsapato, sakanayenda nalo. Anatsegulanso kompyuta n'kuyamba kuwagawa anthu aja mwatsopano. Anawagawa potengera zaka, osapeza kanthu. Anawagawa potengera kukula kwa magawo awo, chimodzimodzi. Kenako anafika pa mzere wina wa kumapeto umene palibe ankaulabadira, wosonyeza chilankhulo chimene munthu anasankha pafoni yake, chizungu kapena cha kwathu. Anangouyesa poti unalipo.

Apa ndiye mutu unaima. Amayi osankha chizungu anathawa m'chaka chija ngati wina aliyense. Abambo osankha cha kwathu anakhala duu ngati amayi amasiye aja. Ukazi unalibe nazo kanthu. Kungoti amayi achikulire ndiwo ankakonda kusankha chilankhulo cha kwathu. Anabwereza masamuwo, n'kuwapatsa a Komatu kuti nawonso abwereze, koma yankho linakana kusintha. Chifukwanji anaiwala n'zoopa kontrakiti zomwe. Chidwi chinamugwira thupi lonse, moti tiyi anazizirira m'kapu. Chilankhulo chingamugwire bwanji munthu dzanja kuti asagulitse?

A Pulofesa sanaone vuto. Iwo anati zafika pokoma zedi, pepala lakula msinkhu. Anayendayenda mu ofesi yawo akufotokoza kuti chilankhulo chathu chili ndi kudekha m'kati mwake, kuti munthu akawerenga m'chilankhulo chimene anayamwira, mtima umakhala m'malo, miyambi ya makolo n'kumamunong'oneza kuti asapupulume. Anati alembe zimenezo msanga, poti msonkhano waukulu umene pepalalo likaperekedwe unali pafupi. Chifukwanji anavomera ndi mutu, koma mumtima ankati miyambi yomweyo madokotala aja nawonso amaidziwa.

Anasintha foni yake kuti ilankhule cha kwathu, aone yekha chimene anthuwo amaona. Panatuluka zosankha zitatu. Choyamba chinati onani magawo anu, chachiwiri chinati onjezerani magawo, chachitatu chinati wombolani magawo anu. Anawerenga kangapo, osaonapo cholakwika. Musamuseke, ndi momwe sukulu imatichitira. Liwu lisanafike pamtima, mutu unali utalitembenuza kale kupita m'chizungu, ndipo m'chizungu cha anthu a zachuma, liwu lotanthauza kubweza magawo n'kutenga ndalama zako ndi lomwe lija alaliki amagwiritsa ntchito ponena za chipulumutso. Kwa iye zinali zolondola ndithu, ndipo foniyo anaibweza m'chikwama.

Anaganiza zokafunsa eni ake. Kampani inaimbira anthu angapo, ndipo amene anavomera anawayendera. Wometa tsitsi wina anamulandira m'kashopu kake kodzaza magalasi ndi fungo la sipiriti, makina akulira pamutu pa kasitomala. Atafunsidwa chifukwa chake sanachotse ndalama msika utagwa, anaseka n'kunena kuti kufuna ankafuna, achemwali, koma mphamvu. Mayi wina wogulitsa mbale ndi makapu anangoti nthawi yake sinakwane, Mulungu akalola zidzatheka. Chifukwanji anabwerera akuganiza kuti mwina a Pulofesa akunena zoona, anthuwa amayang'ana patali. Komabe liwu la wometa lija linkamuyabwa. Mphamvu yanji imene munthu amafuna kuti adine batani?

Loweruka anapita kwa amayi ake monga mwa masiku onse. Ankakhala m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa sitolo ya zitsulo, kumene phokoso la malata otsitsidwa m'galimoto silinkatha. Pabalaza panali mipando iwiri, kabati ya magalasi, ndi pansi pa windo malo ena pamene simenti inali yoyererapo, yokhala ndi timaenje tinayi. Pamenepo m'pamene pankakhala makina awo osokera, opalasa ndi phazi, amene bambo anawagulira Chifukwanji asanabadwe. Makinawo anachoka iye ali chaka chomaliza ku yunivesite. Amayi anati awagulitsa chifukwa maso ayamba kuvuta, ndipo chiyambire pamenepo ankangosoka zapamanja, kupinda masiketi, kuika mabatani, kuphatika zigamba pa mayunifolomu a ana a anthu.

Anawapeza atakhala pakhomo, buluku la mwini wake lili pamiyendo. Anacheza za mwendo wa azakhali, za mwana wa oyandikana nawo amene anathawa ukwati, za mtengo wa ulusi. Kenako Chifukwanji anazindikira kuti wayenda tauni yonse kufunsa alendo, pamene mmodzi wa anthu ake odekha wakhala apa akuluma ulusi ndi mano. Anafunsa mosewera, akumwetulira, kuti kodi chinsinsi chawo n'chiyani, zaka zonsezi osakhudza magawo a bambo.

Amayi sanamwetulire. Anayang'ana kumsewu ngati akuopa kuti wina amva, n'kuika buluku pambali.

"Yowombolera sinakwane, mwana wanga."

"Yowombolera chiyani, amayi?"

"Magawo a bambo akowo. Si foni imanena yokha kuti wombolani? Ndimafuna ndikufunse iwe wophunzirawe, koma manyazi. Kodi salola kuwombola pang'onopang'ono?"

Amayi, poona kuti nkhani yatseguka, anaikhuthula yonse. Anati iwo za kuwombola asawaphunzitse munthu, anaziona ndi maso. Makina aja sanagulitse ayi, ndipo za maso zija ananama. Chaka chija fizi itavuta, anatsegula foni kuti atengeko za bambo, n'kupeza akuuzidwa kuti awombole kaye, pansi pake pali nambala yoti munthu ungakomoke nayo. Ndiye ananyamula makina pa wilibala kupita nawo kwa bambo wa pinyolo wa kuseri kwa depoti. Kumeneko anaphunzira kuti chinthu chikakhala kwa eni ake, mtengo wochiwombolera umakula mwezi ndi mwezi, mpaka makinawo anapita akuwaona. Magawo a bambonso chimodzimodzi, anatero. Mwezi uliwonse akayang'ana, nambala yakwera. Chaka chimodzi chokha inatsika kwambiri, ndipo iwo anagwada pansi kuthokoza, n'kumayang'ana m'mawa ndi madzulo kuti mwina itsika mpaka pofikirika. Koma inadzakweranso, yopanda chisoni. Anamaliza ndi kunena kuti m'chitini cha mabatani amaponyamo kangachepe akapeza, kuti tsiku lina thukuta la bambo ake lidzatuluke m'manja mwa anthu.

Abale, pali nthawi zina pamene yankho limabwera lonse nthawi imodzi, ndipo munthu umalakalaka ukanapanda kufunsa. Mphamvu ya wometa ija inali imeneyi. Kuyang'ana pafoni kwa chaka chija kunali kumeneku. Anthu amene iye ankawatamanda kuti amaona chuma chawo chikusungunuka osatekeseka, ankaona ngongole ikuchepa, n'kumasangalala. Mbali ina ya mtima wake, ija ya kafukufuku, inalumpha ndi chimwemwe poti funso layankhidwa, ndipo iye anachita nayo manyazi mbali imeneyo. Anatsegula pakamwa kuti anene zoona, maso n'kugwera pabalaza, pa timaenje tinayi tija. Anangoti akafunsa bwino ku ofesi Lolemba, n'kutsanzika msanga ngati wakumbukira china.

Lolemba m'mawa anali pa ofesi ya kampani, nyumba ya magalasi yozizira ngati m'firiji. Anafunsa kuti anamasulira mawu a pafoni ndani, ndipo anamulozera kwa a Dikoni, bambo wa imvi wa pa desiki yolandirira makasitomala, amene anzawo ankawatcha choncho chifukwa cha udindo wawo kutchalitchi. Anali munthu waulemu, wokonda kung'ung'udza nyimbo akudinda mapepala. Anavomera monyadira kuti ntchitoyo inali yawo, anaigwira madzulo amodzi popanda kulipidwa, ndipo liwu lachitatulo silinawavute n'komwe poti amaliimba sabata iliyonse. Chifukwanji atawafotokozera mmene anthu amalimvera, anavula magalasi n'kumuyang'ana modabwa.

"Koma mwana wanga, amene anatiwombola ife anatilipiritsa kodi? Si zaulere?"

"Zaulere kwa ife, a Dikoni. Koma pamene pali kuwombola, wina amalipira. Anthuwa akudziwa kuti pano wolipirayo ndi iwo."

A Dikoni anayamba kukumbukira anthu amene ankabwera pa desikipo n'kufunsa kuti yafika pa zingati tsopano, iwo n'kuwauza nambala mwansangala, anthuwo n'kupukusa mutu kumatuluka. Iwo ankayesa kuti akudandaula kuti phindu lachepa. Nyimbo inawathera, ndipo Chifukwanji anawamvera chisoni, poti munthuyo analibe choipa mumtima.

Abwana a nthambiyo, mayi wa suti ya buluu ndi mawu ofewa, analibe nthawi ya chisoni. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kutseka chitseko. Anati liwulo adzalikonza ndithu, koma mwakachetechete, pa nthawi yake. Kulengeza poyera kungachititse kuti anthu onsewo athamangire ndalama zawo tsiku limodzi, thumba n'kugwedezeka. Anawonjezera, akumwetulira, kuti pajatu palibe anaberedwa, ndipo anthuwo apindula kuposa anzawo. Kodi cholakwika chimene chalemeretsa munthu n'cholakwika?

Funso limenelo Chifukwanji anayenda nalo mpaka ku yunivesite, chifukwa silinali lopusa. Manambala ankavomereza abwanawo. Akanamva bwino liwulo, ambiri mwa anthu aja akanathawa limodzi ndi madokotala, n'kuluza. Koma manambala omwewo sankaonetsa makina okwera wilibala. Sankaonetsa zimene wometa uja anagulitsa, kapena zimene mayi wa mbale anasiya kugula, pa zaka zonse zimene ndalama zawo zinali pafupi ngati mphuno ndi mlomo.

A Pulofesa atamva, nkhope inagwa, kenako inadzuka ndi nzeru. Anati manambala a m'pepalamo si abodza, anthu a chilankhulo cha kwathu sanagulitsedi, ndipo chifukwa chake n'choti akatswiri angakambirane zaka zikubwerazi. Anati nkhani ya amayi ake ndi ya munthu mmodzi, ndipo kafukufuku sayenda ndi munthu mmodzi. Anamukumbutsa amene amalipira ntchitoyo, ndi mwezi umene kontrakiti ikutha. Pomaliza anamugwira paphewa mwaubambo n'kunena kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Pa mfundo ya munthu mmodziyo a Pulofesa sananame, ndipo Chifukwanji anaitenga. Masiku otsalawo anabwerera kwa wometa, kwa mayi wa mbale, ndi kwa ena onse amene anavomera kucheza naye. Ulendo uno sanafunse za kudekha. Ankangowaonetsa batani lachitatu n'kufunsa kuti munthu akadina apa chimachitika n'chiyani. Ochepa ankadziwa, chifukwa mwana kapena mlamu anawauzapo, ndipo ochepawo ndi omwe anali atachotsako ndalama. Ena onse ankayankha chimodzimodzi, ena mpaka kumuseka kuti wophunzira chotere sadziwa tanthauzo la kuwombola. Chifukwanji sankachoka pakhomo pa munthu asanamuuze zoona zake za batanilo. Wometa anazimitsa makina kasitomala ali wometedwa mbali imodzi, n'kukhala pansi. Chifukwanji anauza anthu onsewo, koma kwa amayi ake Loweruka limenelo sanapite. Anatumiza uthenga kuti ntchito yachuluka.

Tsiku la msonkhano holo inadzaza. Kutsogolo kunakhala alendo akunja, a Pulofesa atavala tayi yatsopano, ndi abwana a suti ya buluu aja. Pakhoma panawala mutu wakale uja wa maso a nkhono, poti mapulogalamu anali atasindikizidwa kale. Chifukwanji anayamba monga mwa nthawi zonse, za chaka cha kugwa kwa msika, za othawa ndi otsala. Ankadziwa bwino lomwe kuti chiganizo chotsatiracho chimudyera ntchito. Anaika pakhoma chithunzi cha foni, batani lachitatu litazunguliridwa ndi mzere wofiira, n'kufotokoza tanthauzo la liwulo kwa munthu amene anapinyolitsapo katundu. Anati anthu ake sanali odekha, anali otsekeredwa kunja kwa nyumba yawo ndi liwu limodzi. Nkhani ya amayi ake anaikambanso kumapeto, koma ulendo uno ndi wilibala yomwe.

Palibe anapukuta m'maso mokoma ngati kale. Mlendo wina anafunsa mafunso ambiri akulemba mofulumira, ndipo a Komatu anaimika dzanja, n'kuti komatu, kenako anangovula magalasi n'kuyamba kuwapukuta, osapitiriza. Abwana a suti anatuluka nthawi ya tiyi isanakwane. A Pulofesa anamudutsa pakhonde ngati adutsa mzati. Pofika masana, sekilitale wa ku ofesi kwawo anamunong'oneza kuti kampani yaimitsa kaye thandizo la chaka chamawa, ndipo kaye wa m'maofesi tonse timamudziwa kutalika kwake.

Chifukwanji sanabwerere ku desiki yake. Anakwera basi kupita kuseri kwa sitolo ya zitsulo, ndipo ulendo wonse ankakonza mawu, kuwasula, n'kuwakonzanso. Zolankhula pamaso pa holo yodzaza zinali zopepuka poyerekeza ndi izi. Anawapeza amayi ali pabalaza, pafupi ndi windo, akuika mabatani pa shati ya sukulu. Anadabwa kumuona pakati pa sabata, n'kufunsa ngati kuli bwino. Iye anakhala pansi, pasimenti, pafupi ndi mapazi awo, monga ankachitira ali mwana, n'kuwauza zonse mosazungulira. Anati palibe cholipira. Anati batani lija likungotanthauza kuti tengani ndalama zanu, ndipo zimalowa m'foni tsiku lomwelo kapena mawa lake.

Amayi anasiya kusoka.

"Ndiye nambala ija si ngongole?"

"Ayi, amayi. Ndi zanu. Zonse."

"Ngakhale chaka chija cha fizi?"

"Ngakhale chaka chija."

Sanalire, sanakalipe. Anatembenuza mutu pang'onopang'ono n'kuyang'ana pansi pa windo. Chifukwanji, pofuna kutseka bala, anayamba kulankhula mothamanga. Anati ndalamazo zakula kwambiri chifukwa sanazikhudze, anati zikwana kugula makina atsopano, amagetsi, osoka okha mabatani, mwinanso awiri, ndi kutsalako. Anati mawa lomwe akhoza kupita limodzi kukasankha.

"Ine ndikunena aja," anatero amayi. "Aja anandigulira ndi bambo ako."

Kunja anyamata ankatsitsa malata, phokoso likulowa pawindo. Amayi anatenga chitini cha mabatani, n'kuchigwedeza pang'ono, n'kuchibwezera pamalo pake. Kenako anamuyang'ana mwana wawo, osati mwaukali, koma ngati munthu amene akufunadi kudziwa.

"Iwe umafunsa aliyense. Unafunsa bambo ako mpaka kuwatopetsa, wafunsa anthu a tauni yonse. Zaka zonsezi ukundinyadira kwa anthu, ine osandifunsa. Chifukwa ninji?"

Chifukwanji anafunafuna yankho, ndipo lomwe analipeza linali lochititsa manyazi kulitchula: nkhaniyo inali yokoma kwambiri moti sanafune kuigwedeza. Anangoweramitsa mutu, misozi ikudontha pa siketi. Amayi anadikira pang'ono, ndipo poona kuti palibe chikubwera, anadula ulusi wina, n'kuunyowetsa ndi milomo, n'kukweza singano kuloza kuwindo. Ulusiwo unalowa ulendo woyamba womwe, monga unkalowera Loweruka lililonse mwana wawo akuona.